Diso la Magnus mu Skyrim: analipanga ndani, nanga a Psijic analitengeranji?

Madalitso:
Anzanga a pagulu pano, amene simunamalize nkhani ya ku Koleji ya amatsenga ya Winterhold mu gemu ya Skyrim dumphani zokambiranazi, chifukwa tiulula zonse mpaka kumapeto. Funso langa ndi la chimpira chowala chija timachipeza pansi pa mabwinja a Saarthal, chimene amachitcha Diso la Magnus. Gemuyi inatuluka pa 11 Novembala 2011, koma m'kati mwake mulibe paliponse pamene a Bethesda, kampani imene inapanga gemuyi, akunena mosabisa kuti chinthucho anachipanga ndani, anachipangiranji, nanga chinapezeka bwanji pansi pa mzinda wa ma Nord, anthu a ku Skyrim. Timachifukula, amachipititsa ku Hall of the Elements, holo yaikulu ya Koleji, Ancano, kazitape wa boma la ma elf lotchedwa Thalmor, amachitsegula, Savos Aren mkulu wa Koleji ndi wachiwiri wake Mirabelle Ervine amafa, kenako amatsenga atatu a gulu lodzipatula lotchedwa Psijic amabwera n'kuzimiririka nacho. Nkhani n'kuthera pompo. Amene muli ndi maganizo tithandizeni, koma tiyambire pa zimene zili m'gemumo tisanathamangire za pa intaneti.

Chisomo:
Ine ndangoimaliza kumene nkhani imeneyi. Ndimayesa ndi diso lenileni la mulungu wotchedwa Magnus, ngati kuti linakolowoka n'kugwera pansi. Si choncho kodi?

Tamandani:
A Chisomo, musafulumire kukhulupirira dzinalo. Mukumbukire pamene Quaranir, mmodzi wa a Psijic, amafika ku Koleji n'kuimitsa nthawi kuti alankhule nanu panokha, Ancano ndi Savos ataima ngati zouma pambali. Iye sanena kuti "Diso la Magnus" ngati dzina limene akulidziwa kuyambira kale. Amanena kuti ndi dzina limene anthu a ku Kolejiko ayamba kuchitchula nalo. Ndiye kuti dzinali lachokera kwa aphunzitsi ndi ophunzira amene angochiona kumene chinthucho, osati kwa a Psijic amene akuoneka kuti akuchidziwa bwino.

China, mukaima ndi mphunzitsi Tolfdir pafupi nacho mu holo muja, amakuonetsani zilembo zili pathupi pake. Amatchula mitundu inayi ya kalembedwe: ka ma Ayleid, ka ma Dwemer, ka ma Daedra ndi ka ma Falmer, ndipo amati palibe ngakhale kamodzi kofanana ndi zimene zalembedwapo. Kwa ine mfundo yaikulu yagona pamenepo. Olemba gemuyi anatenga nthawi kutseka makomo anayi amene tonse tikanathamangirako. Amene amati ndi chipangizo cha ma Dwemer chifukwa chili ndi zigawo zotseguka ngati makina, Tolfdir anawayankha kale.

Kondwani:
Asisi, za zilembozo ndikugwirizana nanu, koma pa dzinalo ayi. Nanga mlauli uja, Augur wa ku Dunlain? Iye si wophunzira wongotengeka ndi mphekesera. Mukatsikira ku Midden kuja, pansi pa Koleji, amakuuzani kuti pofuna kuona kudzera m'diso la Magnus osachita khungu, mukufunika ndodo yake. Akutchula Magnus yemweyo. Ndipo mapeto ake ndodoyo imagwiradi ntchito: mukailoza pa Disolo limatsekeka, Ancano n'kuyamba kuvulala. Chikanakhala kuti dzinalo n'longopeka, ndodo ya Magnus ikanagwirizana nalo bwanji?

Tamandani:
Ndodoyo imayamwa mphamvu zamatsenga pa chilichonse, achimwene. Ilozeni kwa wamatsenga aliyense wa m'tchire, imamuyamwa mpaka kumuuma, kenako n'kuyamba kumudya moyo. Ndiye kugwira kwake pa Diso si umboni wokwanira woti mwini wake ndi mmodzi. Koma mawu a Augur aja ndi olemera, amenewo sindingawakane.

Mavuto wa ku Joni:
Ana inu mwandikumbutsa kale. Pa magemu a Elder Scrolls, amene Skyrim ndi imodzi mwa iwo, ine ndinayambira pa Morrowind ya 2002, ndipo ndodo ya Magnus inalimo kale mmenemo, m'phanga lotchedwa Assu. Inaliponso mu Arena ya 1994 ndi mu Daggerfall ya 1996. Koma Diso lokha ndi lachilendo, linabwera ndi Skyrim. Ndiye olembawo anatenga chinthu chakale chimene osewera ankachidziwa n'kuchipezera mnzake. Sanachite zimenezo mwangozi.

Kwa a Chisomo amene mwina simunawerenge nthano za chilengedwe m'mabuku a m'gemumo, nkhani yake ili motere. Lorkhan ndiye anabwera ndi ganizo lolenga dziko la anthu akufa, lotchedwa Mundus, nanyengerera mizimu ina kuti ithandize. Magnus ndiye anali mmisiri wake, wojambula mapulani. Ntchito ili m'kati anazindikira kuti kulengako kukuwadya mphamvu onse amene akutenga nawo mbali, ndipo anathawa kubwerera ku Aetherius, dziko la mizimu. Pothawapo anaboola chibowo chachikulu kumwamba, ndipo chibowo chimenecho ndiye dzuwa. Amene anamutsatira, otchedwa Magna Ge, anaboola timabowo tating'ono, ndiye nyenyezi. Matsenga onse a pa Nirn, dziko limene gemuyi ikuchitikirapo, amadzera m'mabowo amenewa.

Tsono ganizo langa ndi ili. Mmisiri akathawa pa saiti nyumba isanathe, sanyamula zonse. Amasiya pulani, amasiya chingwe choyezera ndi levulo. Diso lija ine ndimaliona ngati chipangizo chimene Magnus ankayezera ndi kuonera dziko pamene ankalimanga, ndipo ndodo ndi chimene ankaliyendetsera. Si chida chankhondo. N'chifukwa chake aliyense wolitenga ngati chida chankhondo zimamuthera moipa.

Chisomo:
Zikomo madala, zimenezi sindimazidziwa. Ndiye pamene Ancano akukuwa kuti ali ndi mphamvu yophwasula dziko lonse m'manja mwake, si kudzitama chabe?

Mavuto wa ku Joni:
Ayi mwana wanga, akunena zoona. Chimene chinathandiza kumanga dziko chingathenso kuliphwasula. Ndipo Quaranir mwiniwake amavomereza kumapeto kuja kuti Disolo lasokonekera, likakhala pamenepo litha kuwononga Koleji ndi dziko lomwe.

Limbani:
Pepani akuluakulu, ine ndilowe ndi maganizo osiyana. Nthano ya Magnus ndi yokoma, koma tikuiika tokha pa chinthu chimene gemu sinachifotokoze. Nkhani ya ku Koleji ndi yaifupi kwambiri. Umalowa lero ngati wophunzira wosadziwa ngakhale kudziteteza, Tolfdir akukuphunzitsa kutchinga moto, posakhalitsa wakhala mkulu wa Koleji yonse. Ine ndimaona kuti olembawo ankangofuna chinthu chachikulu choti Ancano achilakalake, ndipo sanachiganizire mozama monga tikuchitira ife pano. Chinsinsi china chimakhala chinsinsi chifukwa palibe amene analemba yankho.

Tamandani:
A Limbani, zoti nkhaniyo ndi yothamanga palibe angatsutse. Koma zoti sanaiganizire ndikukana, ndipo umboni wanga ndi mabuku atatu aja Urag gro-Shub, woyang'anira laibulale ya Koleji, amatituma kukalanda ku Fellglow Keep, amene Orthorn anaba mu laibulale. Ambiri timangowanyamula n'kukapereka osatsegula. Limodzi ndi lonena za mfumu yomaliza ya ma Ayleid, lina ndi kachidutswa konena za chilumba cha Artaeum kwawo kwa a Psijic, lachitatu ndi Night of Tears la Dranor Seleth. Lachitatulo ndi limene Urag amakuuzani kuti mukalitchule kwa Tolfdir. Analilembera nkhani imeneyi.

Zimene aliyense ku Skyrim amadziwa n'zoti ma elf a m'chipale, amene pambuyo pake anadzakhala ma Falmer, anaukira Saarthal usiku n'kupha anthu onse, kupatula Ysgramor, mtsogoleri wa ma Nord, ndi ana ake awiri, Yngol ndi Ylgar, amene anathawira ku Atmora kumene makolo awo anachokera. Ysgramor anabwerera ndi anzake 500 n'kuyamba kuthamangitsa ma elf m'dziko lonselo. Chifukwa chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'choti ma elf anachita mantha poona mmene anthu ankachulukirana msanga. Koma bukulo limafunsa kuti, ngati vuto linali kuchulukana, bwanji nkhondoyo inalunjika pa Saarthal penipeni? Yankho lake n'loti ma Nord pokumba mzinda wawo anapeza chinthu champhamvu pansi, anafuna kuchisunga chokwiririka, ma elf anamva n'kuchifuna. Ndipo Ysgramor pobwerera sanangobwera kudzabwezera, anabweranso kudzaonetsetsa kuti chinthucho chisagwe m'manja mwa ma elf.

Onani tanthauzo lake. Ngati bukulo likunena zoona, Disolo linalipo ma Nord asanamange Saarthal. Iwo sanalipange, ndipo ma Falmer sanalipangenso, apo ayi zilembo zikanakhala zawo. Ndiye tikubwerera m'mbuyo kupitirira anthu, kupitirira ma elf a ku Skyrim, kufika ku nthawi imene madala Mavuto akunena. Ndipo chimene chimandiwawa ine n'choti mtundu wonse wa ma Falmer unathera pa chinthu chimenechi. Anagonja, anathawira kwa ma Dwemer, anadyetsedwa bowa wowachititsa khungu, lero ndi zilombo zija timakumana nazo m'mapanga. Diso linachititsa khungu mtundu wathunthu, ngakhale kuti linadzera njira yaitali.

Limbani:
Koma asisi, wolemba bukulo akungoganiza nayenso. Sanaone ndi maso. M'magemu a Elder Scrolls mabuku amatsutsana dala, aliyense amalemba zokomera mtundu wake.

Madalitso:
Zoona amwene, koma kusiyana kwake n'koti ife tinatsika pansipo n'kuchipeza chinthucho pamalo pomwe bukulo linaloza. Wolembayo ankaganiza, ife tinaona. Pamenepo bukulo lapambana mayeso.

Ine pali china chimene ndinachiyang'anitsitsa nditabwerezanso gemuyi, ndipo sindinaone wina akuchitchula pano. Mu Saarthal, mukatsika masitepe omaliza aja, pampando pamakhala Jyrik Gauldurson, ndipo kumbuyo kwake Diso likuzungulira m'kati mwa chotchinga chowala. Mungamuteme bwanji Jyrik, sakumva kanthu. Tolfdir amazindikira kuti mphamvu akuzitenga ku chimpiracho, ndiye amasiya kumenya Jyrik n'kuyamba kuthira matsenga ake pa chimpiracho. Nthawi yomweyo Jyrik amayamba kuvulala. Palibe ndodo ya Magnus pamenepo, ndi nkhalamba imodzi ndi manja ake basi.

Tsopano pitani kumapeto. Ancano nayenso sakuvulala, pa chifukwa chomwecho. Tolfdir yemweyo amayesa matsenga ake, sizitheka, Ancano amamugwetsa pansi osatha kugwedezeka. Ulendo uno pakufunika ndodo imene takaitenga kwa Morokei, wansembe wa zinjoka, m'mabwinja a Labyrinthian. Chasintha n'chiyani pakati pa nthawi ziwirizi? Mu Saarthal Disolo linali lotseka, Jyrik ankangotapa zimene zinkadontha kunja. Ku Koleji Ancano analitsegula, zigawo zake zinatambasuka, kuwala kwa m'kati kukuonekera. Ndiye kwa ine chimene timachiona kunjaku, chokhala ndi zilembo zija, ndi chikuto chabe. Chinthu chenichenicho chili m'kati. Funso loti analipanga ndani mwina lili ndi mayankho awiri: wina anapanga cha m'kati, wina anapanga chotsekera.

Kondwani:
Eeh amwene, mwandifikitsa pomwe ndimafuna! Ngati ndi chikuto, m'katimo muli ndani? Pali nkhani ya KINMUNE imene analemba Michael Kirkbride, mmodzi wa amene analemba nthano zambiri za Morrowind. Akufotokoza za makina oganiza ochokera kutsogolo kwambiri, ku Nyengo Yachisanu ndi Chinayi, amene ankagwira ntchito ya m'migodi, n'kuponyedwa m'mbuyo mu nthawi. Anthu akale ankamutenga ngati mlauli. Ndipo nkhaniyo imati Ysgramor anamutsekera pansi pa Saarthal. Malo omwewo, mfumu yomweyo. Zilembo zosafanana ndi za mtundu uliwonse zikumveka bwino ngati chinthucho chikuchokera ku nthawi imene sinafike. N'chifukwa chakenso a Psijic akunena kuti dziko silinakonzeke kuchilandira. Silinakonzeke chifukwa nthawi yake sinakwane.

Mavuto wa ku Joni:
Kondwani, zolemba za Kirkbride ndimazikonda kuposa mmene ukuganizira, koma nkhani imeneyo anailemba ali kunja kwa Bethesda, ndipo mulibe mu Skyrim. Madalitso anapempha kuti tiyambire pa za m'gemu. Komanso ikugundana ndi Night of Tears. Ngati Ysgramor ndiye anakwirira chinthucho, ma elf anabwera kudzafuna chiyani usiku uja? Bukulo likuti ma Nord anachipeza chili kale pansi. Sungagwire ziwiri zonsezo nthawi imodzi, usankhepo chimodzi.

Kondwani:
Pokhapokha ngati pansi pa Saarthal pali zinthu ziwiri, madala. Mabwinja aja ndi aakulu, ife tinangoyenda mbali imodzi.

Tamandani:
Zikatero ndiye kuti KINMUNE si Diso, achimwene, ndi mnansi wake chabe, ndipo funso la a Madalitso likadali pomwepo.

Chisomo:
Ndifunse nawo za Jyrik. Iye anafikamo bwanji mmenemo? Ndimayesa ndi mlonda amene Ysgramor anamusiya kuti azilondera Diso.

Tamandani:
Ayi, Jyrik ndi wa pambuyo kwambiri. Ndi mwana wa Gauldur, wamatsenga wamkulu wa m'nthawi ya mfumu Harald, mu Nyengo Yoyamba. Iye ndi abale ake awiri, Mikrul ndi Sigdis, anapha bambo awo n'kugawana chithumwa chawo patatu. Atawasaka n'kuwagonjetsa, aliyense anatsekeredwa kwake: Mikrul ku Folgunthur, Sigdis ku Geirmund's Hall, Jyrik ku Saarthal. Mukamupha mumapeza pathupi pake kalata yomutsekera ndi chidutswa cha chithumwacho. Ndiye si mlonda, ndi mkaidi. Chimene chimandidabwitsa ine n'choti pa atatuwo Jyrik ndiye anali wamatsenga, ndipo ndi iyeyo amene anathawira ku Saarthal. Ndimaganiza kuti ankadziwa chimene chili pansipo, mwina anamva kwa bambo ake. Zikatero ndiye kuti chinsinsi cha Diso sichinaiwalike msanga monga timaganizira. Amatsenga akuluakulu a ma Nord ankauzana.

Limbani:
Nanga za kugumuka kwa Winterhold? Ndinaona ena akunena kuti Diso ndi limene linagwetsera mzinda m'nyanja.

Madalitso:
Limenelo ndi ganizo lotchuka koma ine silindigwira mtima. Kugumukako kunachitika mu 4E 122, ndiye kuti chaka cha 122 cha Nyengo Yachinayi, ndipo gemu yathu ikuchitika mu 4E 201. Nthawi yonseyo Diso linali lotsekeredwa ku Saarthal, palibe analikhudza. Jarl Korir, wolamulira Winterhold, ndi anthu a m'tauni amaloza chala Koleji chifukwa ndi yokhayo inatsala chiimire pamene nyumba zawo zinapita ndi mafunde. Savos amati mwina ndi zotsatira za kuphulika kwa Red Mountain mu 4E 5. Koma palibe ngakhale mmodzi amene amatchula Saarthal. Kuti ukhulupirire zoti Diso ndi limene linachita, uyenera kuwonjezera kuti linabweza mphamvu zake m'mbuyo mu nthawi pamene Ancano analitsegula, ndipo gemu sikusonyeza zimenezo.

Chimene gemu ikusonyeza ndi zotsatira za kutsogolo. Tizilombo towala tija timatuluka n'kuyamba kuluma anthu m'tauni ya Winterhold. Ndipo ngakhale Diso litapita, Tolfdir amatitumabe kukatseka ming'alu imene ikutseguka m'madera ena a Skyrim, kutali ndi Koleji. Ndiye kuti Ancano anang'amba china chake pa dziko lenilenilo, ndipo bala lake silinapole ndi kuchoka kwa Diso. Apa ndikuima ndi madala Mavuto: chinthu chokhoza kung'amba nsalu ya dziko chiyenera kukhala cha gulu la zimene zinailuka.

Kondwani:
Ndiye Ancano ankachita zofuna zake kapena anatumidwa ndi a Thalmor? Chifukwa anthu ambiri amati cholinga chenicheni cha a Thalmor n'kuphwasula Mundus kuti ma elf abwerere ku umulungu umene amati Lorkhan anawabera.

Mavuto wa ku Joni:
Zoti ma Altmer, ma elf a mtundu wa Ancano, amaona chilengedwe ngati msampha wa Lorkhan zili m'mabuku a m'gemu. Zoti boma la Thalmor lili ndi pulani yolembedwa yophwasula dziko zinachokeranso ku zolemba za kunja kwa gemu. Koma Ancano sanali yekha, izo ndi zoonekeratu. Potuluka mu Labyrinthian ndodo ili m'manja, amakudikirira Estormo, wa Thalmor mnzake, amene amanena yekha kuti Ancano ndiye wamutuma kudzalanda ndodoyo ndi kukupha. Ndiye anali ndi anthu owalamula, ndipo ankadziwa kuti ndodoyo ndi yokhayo ingamuletse. Augur amanenanso kuti Ancano anafika kwa iye ife tisanafike. Munthu ameneyu anafufuza mwakhama kuposa aphunzitsi onse a pa Koleji.

Tamandani:
Ine amene ndimawakayikira kwambiri si Ancano, ndi a Psijic. Ancano ndi mdani woonekera. Koma taonani mayendedwe a enawa. Nerien, wa Psijic, amatulukira mu Saarthal, titangovala chithumwa china chimene timachipeza pakhoma kumeneko n'kugumula khomalo, tisanalione n'komwe Diso. Amatiuza kuti tayambitsa zinthu zimene sizingaimitsidwe, ndipo tidzaweruzidwa ndi zimene tichite kutsogolo. Ndiye kuti akudziwa chimene chili kutsogoloko. Bwanji osanena kuti bwererani, musapitirire? Pambuyo pake Quaranir amabwera yekha pa Koleji, Diso lili chapafupi pomwepo, Ancano asanalitsegule. Akanatha kulitenga tsiku lomwelo. M'malo mwake amatiuza kuti iwo saloledwa kulowerera, tikafunse Augur. Savos amafa, thupi lake timalipeza panja pabwalo. Mirabelle amafa akuteteza ena kuti athawe. Zonse zitatha, Ancano ali chigonere, ndi pamene Quaranir amabwera ndi Gelebros ndi Tandil, atatuwo n'kulizungulira Diso, kukweza manja, n'kupita nalo. Ntchito ya kanthawi kochepa chabe.

Lamulo losalowerera linapita kuti nthawi imeneyo? Ine ndimaona kuti ankalifuna kuyambira pachiyambi, koma sakanatha kulichotsa mu Saarthal kapena kulilanda Koleji popanda chifukwa. Anadikira kuti wina alifukule, wina alisokoneze, ife tilikhazike pansi ndi ndodo, kenako atenge ngati otipulumutsa. Ndipo amati alisunga "pakadali pano". Mpaka liti, ndipo kenako apatsa ndani?

Chisomo:
Koma Quaranir ananena kuti mphamvu ya Diso inkawatchinga kuti asatilankhule m'masomphenya, n'chifukwa chake anabwera ndi thupi. Mwina analidi ndi malire, asisi.

Tamandani:
Linkawatchinga kulankhula ali kutali, inde. Koma atafika pafupi silinawaletse kuimitsa nthawi m'chipinda cha Savos, pamwamba penipeni pa holo imene munali Disolo. Munthu wokhoza zimenezo sakanalephera kuimitsa Ancano.

Mavuto wa ku Joni:
Mwana wanga Tamandani, ndikumva kuwawa kwako pa imfa ya Mirabelle, inenso imandikhudza, makamaka poti sitiona n'komwe mmene anafera, timangouzidwa ndi Tolfdir pobwera. Koma a Psijic ndi otero kuyambira kale. Mu Nyengo Yachiwiri, nthawi imene Vanus Galerion anawachokera n'kukayambitsa Mages Guild mu 2E 230, anachotsa chilumba chawo chonse cha Artaeum pa dziko kwa zaka pafupifupi 500. Pofika nthawi ya Skyrim chinali chitasowanso kwa zaka zoposa 100. Anthu amenewa akaona kuti dziko likugwiritsa ntchito matsenga mosasamala, amadzipatula. Ine sindiona umbombo mwa iwo. Ndimaona anthu amene amaopa kwambiri kukhudza mbiri ya dziko moti amalola anthu kufa m'malo moswa mwambo wawo. Ndi tchimo ndithu, koma ndi lina, si limene ukuwanenezalo.

Ndipo taona chinthu chimodzi: ndodo anatisiyira. Akanakhala kuti akufuna kugwiritsa ntchito Diso, akanatenga zonse ziwiri, chifukwa Augur ananena kuti popanda ndodo umachita nalo khungu. Iwo anatenga Diso n'kusiya kiyi m'manja mwa munthu wina. Wofuna mphamvu sachita zotero.

Limbani:
Mfundo ya ndodoyi ndi yamphamvu, madala. Ndipo ikufanana ndi mmene zinalili kale: Diso ku Saarthal, ndodo ku Labyrinthian m'manja mwa Morokei. Ku Mzulft, makina a ma Dwemer aja atajambula mapu pakhoma, Paratus Decimius wa ku Synod, gulu lina la amatsenga, amaona malo awiri okha akuwala, Winterhold ndi Labyrinthian. Zinthu ziwirizi zinakhala zotalikirana zaka zonsezo, ndipo kumapeto zatalikirananso. Nthawi yokha imene zinakumana ndi pa nkhondo ya mu holo ija.

Madalitso:
Ndipo amene anazisunga motalikirana m'zaka zomalizazi ndi Savos, ngakhale sankadziwa. Mizimu ija timaiona mu Labyrinthian ikusonyeza kuti analowamo asanu ndi mmodzi ali ophunzira. Girduin, Elvali Veren ndi Takes-In-Light anafera m'njira. Atafika kwa Morokei, Savos anamanga mizimu ya anzake awiri otsala, Atmah ndi Hafnar Ice-Fist, kuti izimugwira wansembe wa zinjokayo mpaka kalekale, iye n'kutuluka yekha n'kutseka chitseko. Chitsulo chotsegulira chitsekocho anachisunga moyo wake wonse, n'kuchisiya kwa Mirabelle kuti atipatse. Ndiye pamene ankaona Diso likulowa mu Koleji yake, n'kumva dzina la Magnus likutchulidwa, ayenera kuti anadziwa kumene nkhaniyi ikupita. Ndi yekhayo pa Koleji amene anaionapo ndodoyo ndi maso.

Chisomo:
Pali chimene chakhala chikundizungulira m'mutu chiyambire pamene a Madalitso ananena za chikuto ndi cha m'kati. Augur uja alibe thupi. Ndi kuwala kobulungira kokhala pamwamba pa chitsime m'chipinda chotseka, pansi pa Koleji, ndipo amadziwa zakutsogolo. A ku Koleji amati anali wophunzira waluso kwambiri amene anafuna mphamvu zochuluka, panachitika ngozi, n'kusanduka chimene ali lero. Kodi sizingatheke kuti cha m'kati mwa Diso ndi chotero, koma chachikulu? Osati chipangizo, koma winawake amene anasungunuka n'kukhala matsenga okhaokha, mwina mmodzi wa a Magna Ge amene sanathe kuthawa pamodzi ndi Magnus, ndiye ena anamumangira chikuto n'kulembapo zilembo zawo? Zikatero n'chifukwa chake Augur amalimvetsa kuposa wina aliyense, ndipo Ancano akanapitiriza akanathera momwemo.

Kondwani:
A Chisomo, mwangomaliza kumene gemuyi koma mwabwera ndi ganizo limene sindinalimvepo. Likugwirizana ndi dzinalo, likugwirizana ndi ndodo, komanso ndi zilembo zosadziwika, chifukwa palibe mtundu wa pa Nirn umene ungadziwe kalembedwe ka a Magna Ge.

Mavuto wa ku Joni:
Ndi ganizo labwino, mwana wanga, ndipo silikutsutsana kwenikweni ndi langa, kungoti iwe waika munthu pamene ine ndinaika chipangizo. Pamene ndikukayika ndi apa: chinthu chamoyo chimafuna kanthu. Augur amalankhula, amasankha womutsegulira chitseko, amachenjeza. Morokei amakulankhula njira yonse ya mu Labyrinthian akukuyamwa mphamvu. Koma Diso silinalankhulepo ndi wina aliyense, ngakhale Jyrik amene anakhala nalo zaka masauzande, ngakhale Ancano litatseguka. Linapereka mphamvu kwa mkaidi wa chi Nord ndi kwa kazitape wa Thalmor mofanana, osasankha. Amene angandipezere mzere umodzi m'gemumo wosonyeza kuti Diso linafunapo kanthu palokha, ndisiya za pulani ndi levulo.

Tamandani:
Mzere wolankhula mulibe, madala, koma pali chithumwa cha ku Saarthal chija. Arniel Gane amatituma kukatola timphete, ife n'kuchotsa chithumwa pakhoma, zitsulo n'kutitsekera. Tikachivala, khoma limayamba kuwala, tikaliwombera ndi matsenga limagumuka n'kutsegula njira yolunjika kumene kuli Diso. Amene anakwirira chinthucho kuti chisapezekenso sakanapachika kiyi pakhomo pomwepo. Mwina anapachika ndi ena amene anabwera pambuyo, mwina pali chimene chinkafuna kupezedwa. A Chisomo, ngati muli ndi sevu ya musanalowe mu Saarthal, bwererani mukamvetsere bwino zimene Tolfdir amanena pamene khomalo layamba kuwala, mudzatiuze ngati akuti kuwalako kukuchokera ku chithumwa kapena kuseri kwa khoma.